Mbande imodzi yokana kugawika

Loweruka lapitali ndinali ku nazale ya gulu lathu ku Chinamwali, komwe timafesa mitengo yokabzala m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Mbande zomwe zinapirira dzuwa zinali 1,009. Anawerenga ndi Mayi Nachisale, amene amasunga kiyi wa nazaleyo.

Mwambo wathu ndi woti timagawana m'timagulu, ndipo kagulu kalikonse kamakwera phiri ndi mbande zofanana. Tinagawa panayi, inatsala imodzi. Tinayesa timagulu tisanu ndi kamodzi, inatsalanso imodzi. Tisanu ndi tiwiri, chimodzimodzi.

A Makwinja, membala wolankhulalankhula, anaimirira. "Amayi, chinthu chathunthu chimagawika. Chikakana, wina watapamo. Mwagulitsa zingati kumtundaku?"

Mayiwo anamasula kiyi pa chitenje n'kumuika pa ndowa. Anthu anayang'ana pansi, ndipo ndinaona kuti akhulupirira.

Mwamwayi panali a Likoswe a ku Masongola, omwe anandiphunzitsa masamu ku sekondale asanapume ntchito.

"Achimwene," anauza a Makwinja, "mugawa mpaka mvula idzathe. Nambala imeneyi ndi praimu. Imalola kugawidwa ndi 1 ndi iyo yokha basi."

"Ndiye tiyese nambala zonse mpaka chikwi?" anafunsa a Makwinja.

"Mpaka 31 pokha. Kupitirira apo mukungobwereza zomwe mwayesa kale. Bwerani, mumakonda kufufuza inu."

A Likoswe anagwada, n'kumalemba pansi ndi kamtengo: 11, 13, 17, mpaka 31. Iliyonse inasiya zotsala. Anatiuzanso kuti mwa nambala za manambala anayi, 1,009 ndiye praimu yoyamba. Imodzi ija imatsala chifukwa 1,008 amagawika bwino ndi 4, 6 komanso 7. Ndipo nambala zoterezi sizitha, ngakhale muwerenge mpaka kufa.

A Makwinja anatola kiyi uja n'kumupereka kwa mwini wake ndi manja awiri. "Pakamwa panathamanga, amayi."

Tinene zoona, masamuwo sanatsimikize kuti m'nazale simunabedwepo kanthu. Anangoonetsa kuti chomwe tinkachitcha umboni sichinali umboni. Koma zimenezo zinakwanira kupulumutsa dzina la mayi amene wathirira mbande chilimwe chonse popanda malipiro.

Ndikuthokoza a Likoswe, ndi aphunzitsi onse amene tinkawafunsa monyoza kuti, "Zimenezi tidzadya?" Tsiku limenelo sitinadye praimu, koma inaletsa gulu kupasuka.

Kuyambira pomwe tinapeza ufulu wolankhula, tinaphunzira msanga kufunsa kuti waba ndani, ndipo n'zabwino. Chomwe sitinaphunzire ndi kudekha kofunika kuti uone maso a nkhono. Kumpingo, kumaliro, m'makomiti a zitsime, chinthu chikangokana kugawika timayamba kusaka wakuba.

Kodi m'gulu lanu ndi angati anatula kiyi mwakachetechete, chifukwa choti panalibe wogwada pansi n'kuwerengera?