Dzanja la Agnesi Linapereka Malume Ake

Ndinalakwa kuitana apolisi kuti alankhule ndi ana athu pasukulu ya mishoni, ndipo mkwiyo wa tsiku limenelo sunandichokebe.

Zinali zaka za nkhondo ya kumalire, ndege zikuuluka pamwamba pa Zambezi kuno ku Feira. Ine ndinali wapampando wa makolo. Ana ankatola zitsulo zachilendo kuthengo, ndiye ndinapempha apolisi adzawachenjeze za mabomba okwiriridwa. Wansembe anakayika, koma ndinamukakamiza.

Anabwera atatu, tinayamba ndi pemphero. Za mabomba analankhula pang'ono chabe. Kenako wamkulu wawo anatulutsa masiwiti, nati amene kwawo kwagona mlendo wochokera kutsidya akweze dzanja. Mwana wanga Agnesi, yemwe ndinkamukalipira kuti sakweza dzanja m'kalasi, anakweza akundiyang'ana, akumwetulira.

Mlendoyo anali mlamu wanga Fulansisiko, msodzi, mlongo wa mkazi wanga. Anawoloka kudzameta maliro a mayi ake. Kwathu kuno, kaya kuli nkhondo, mwana sakhala kutsidya tsiku lometa. Apolisiwo anabwera kwathu kudzamugwira. Anali ochokera kutali ndipo sanafune kumva za mwambowo. Anati mutu wometa ndi wa msilikali.

Pomukweza m'galimoto anangondiuza kuti, "Alamu, bwato langa mulikokere kumtunda, madzi akukwera."

Fulansisiko anabwerako kupolisi khutu limodzi losamva, dzanja lamanja lopuwala. Mlandu sanamupeze nawo, ndipo palibe anapepesa. Bwato lija linawolera pamene ndinalikokera.

Inu owerenga, sindikunena kuti kunalibe azondi. Analipo. Koma munthu wamkulu wovala yunifomu, amene wangoweramitsa mutu popemphera ndi ana, n'kuwagula ndi siwiti kuti apereke abale awo, ameneyo ndimutche chiyani? Akanandifunsa ine, ndikanamutengera kumanda atsopano a apongozi anga.

Makolo anzanga, apolisi akafuna kudzacheza pasukulu, musawakane, koma mugwirizane kaye zimene adzanene. Mafunso a zakunyumba afunse akuluakulu. Akatembenukira kwa ana, imirirani, mutseke msonkhano. Ine ndinangokhala pabenchi, chipewa chili pamaondo.

Agnesi analeka sukulu chaka chomwecho. Lero ali ndi ana ake, koma ngakhale kutchalitchi akati tivomereze pokweza manja, lake limakhala pansi pa chitenje.