Mankhwala a Makoswe

Ndikukumbukira fungo la mbewa zowamba pakhonde la amalume a Zuze ku Golomoti, chaka chimene ndinali Sitandade 6. Ntchito yawo inali yogulitsa mbewa pamsewu, koma akayamba kuyankhula mukanati dokotala wamkulu ndi iwo. Poti anali mwini mbumba, akanena anali atanena.

Amayi ankadwala kuthamanga kwa magazi, matenda amene anatenganso agogo. Achemwali anga a Agnesi, omwe ankagwira ntchito yofufuza matenda mumzinda, anawabweretsera mapiritsi. Tsoka lake, anationetsanso chithunzi cha kuntchito kwawo: makoswe oyera mbee, maso ofiira psuu, akudya mosatekeseka m'timakola tawo.

"Awa amabadwa ndi matenda omwewa, motengera kumtundu ngati ife," anatero achemwali. "Tikapeza chimene amatengera kwa makolo awocho, timayesa mankhwala pa iwo asanafike kwa anthu."

Amalume anaomba m'manja kamodzi.

"Mwadzimvera nokha! Mbewa timadya, khoswe timapha. Woweta makoswe kuno dzina lake timalidziwa."

Tinkalidziwadi. Kwathu woweta makoswe ndi mfiti yowatuma kukakokolola chimanga m'nkhokwe za anzake. Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali utamva kuti Agnesi akudwalitsa mayi ake kuti alemere. Anthu oti khoswe akawaluma chala kutulo amangotembenuka, tsiku limenelo anasanduka akatswiri a makoswe.

Amayi ankaopa mlongo wawo kuposa matenda. Mapiritsi aja anandipatsa ine kuti ndikataye m'chimbudzi, ndipo ndinakatayadi ndi manja angawa. Zimandiwawa mpaka lero. Nthawi yokolola thonje amayi anagwa m'munda, pakamwa patapotoka. Tinathamanga nawo pa njinga kuchipatala cha ku Mua, koma sanabwerere. Pamaliro achemwali analira ali okha kuseri kwa nyumba, wowakhazika pansi panalibe.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ana aku Golomoti amaphunzira za matenda akumtundu kusukulu, ndipo a Zuze, magazi ake omwewo, matenda aja anawapezanso, miyendo inayamba kulemera. Mwezi watha anandiimbira foni, mawu ali ofewa ngati a mkamwini watsopano.

"Mphwanga, uwauze achemwali ako anditumizireko mankhwala a makoswe aja."

Achemwali anatumiza tsiku lomwelo, mtima wawo ndi wina. Ine ndinakapereka ndekha, ndipo ndinawafunsa amalume ngati awa ndiwasiye patebulo kapena ndipitirire nawo kumene ndinasiya a amayi.