Madisiki si mabatire, musawayanike padzuwa

Anzanga owerenga, sabata ino ndalakwa, ndipo ndikuvomera ndisanafunsidwe. Sizichitikachitika, choncho tcherani khutu.

Mwana wa mlongo wanga, Yohane, amajambula mavidiyo a maukwati ku Mponela. Zonse amasunga m'bokosi la kompyuta la madisiki anayi. Momwemo muli malemu mkazi wanga Nangozo, akutsogolera nyimbo pa ukwati wa mwana wathu ku Bowe. Mawu ake kwina kulikonse kulibe. Lachiwiri bokosilo lidangoti zii.

Nanga wailesi ikafooka timatani kwathu kuno? Si timayanika mabatire padzuwa? Yohane atapita kukafuna thandizo, ndidazula madisiki onse n'kuwayala palata panja, bwinobwino ngati mfutso.

Adabwera ndi katswiri, mayi Chisale. Mayiwo adayang'ana lata lija, kenaka ine.

"Agogo, disiki yoyamba inali iti?"

"Onse ngofanana, mayi, ngati mazira."

"Mazira a chiyani! Bokosili limadula vidiyo tizidutswa n'kumagawira madisikiwa motsatana. Inu mwasokoneza mzere."

Safunsa adadya phula, ndavomera. Koma phulalo sindidadye ndekha. Mayi adapeza kuti disiki ina idafa kalekale. Akuti ikafa imodzi bokosi limayendabe motsimphina, ikafa yachiwiri ndiye limagwa, ngati mmene lidachitira Lachiwiri lija.

"Malume," adatero Yohane akukanda mutu, "kanyali kofiira kankaphethiraphethira, ndiye ndidamatapo pepala."

Mwamva? Ndife amenewo. Denga likadontha timasuntha mphasa. Njinga ikamalira timayimba mluzu kuti tisamve. Chinthu chikutiuza chokha kuti ndikudwala, ife n'kuchitseka pakamwa.

Mayi Chisale adalamula kuti aliyense manja m'thumba, makamaka ine. Ayamba akopera disiki iliyonse kwina, kuti akamayesa mzere asakhudzenso enieniwo. Yomwe idafa komaliza akuyinyengerera pang'onopang'ono, ngati wodwala pomumwetsa phala.

"Sindikulonjeza, agogo."

"Musalonjeze, mayi. Nangozo ndidamufunsira katatu. Kukanidwa ndidazolowera."

M'mawa uliwonse ndikupalasa njinga kukakhala pabenchi la Yohane. Dzulo padatuluka kachidutswa: Nangozo atakweza dzanja, kukamwa yasa, koma mawu palibe. Ndidamuuza pomwepo kuti mayi iwe, moyo wako wonse sudakhalepo chete, usayambire pano. Pabenchipo sindichoka mpaka ayimbe.

Inu amene mukundiseka, mawu a amayi anu mudawasunga malo angati?