Mizere Yokhota ya Mayi Veronica

Lolemba lina la mwezi wa Juni, chaka cha 1996, Sungeni anaima kuseri kwa katani ya kuchipinda atanyamula beseni, akumva alamu ake akukonza tsiku loti mwamuna wake akafere kumudzi.

Ngati muli ndi wodwala m'nyumba ndipo simukudziwa khomo loti mugogode, nkhani iyi ndi yanu.

Mwamunayo ndi Donald Gondwe, wa ku Rumphi. Ankakonza magetsi pa fakitale ina ku Kanengo. Iye ndi Sungeni ankachita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ku Area 25, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi wa zaka ziwiri, Chiku. Awiriwa anakumana pa kwaya. Donald ankaimba besi, ndipo Sungeni amanena mpaka lero kuti mawu amenewo ndi amene anamuiwalitsa anyamata onse a kwawo ku Ntchisi. Koma tsopano mawuwo anali atatha. Miyezi inayi akutsokomola, zofunda zikunyowa ndi thukuta, lamba ataboola mabowo atatu atsopano.

Alamu akewo, a Lucious, anali mkulu wake wa Donald, ndipo sanali munthu woipa. M'zaka ziwiri zokha anali ataperekeza kale mitembo iwiri ya abale kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Rumphi. Ankadziwa kuti munthu wamoyo amakwera basi ngati wina aliyense, pamene mtembo umafuna galimoto yakeyake. Masiku amenewo mabanja ambiri ankatero. Wodwala akafooka, ankamukweza basi mpweya ukadalimo. A Lucious anati adzabwera Loweruka m'mawa kudzamutenga.

Sungeni anatsala ndi masiku anayi.

Chimene chinkamuzunguza mutu n'chakuti palibe amene ankatchula matendawo. Ena ankati ndi zomwezi. Ena ankati ndi matenda a boma. Apongozi ake analemba kalata yonena kuti ndi anthu ansanje a kuntchito. Ku kiliniki ina anamupatsa Donald panado kawiri konse, n'kumuuza kuti azidya bwino. Aliyense ankalankhula ngati nkhani inatha kale, koma Sungeni yekha ndiye sanauzidwe mathero ake.

Lachiwiri anabereka Chiku n'kuyamba kuyenda. Anali atamva pa wailesi kuti kuli mabungwe othandiza odwala, koma wailesiyo sinanene kuti khomo lawo lili pati.

Anayamba ndi mkulu wa mpingo wa m'dera lawo. Mkuluyo anapemphera naye motalika, kenako anamutsimikizira kuti chilichonse chikachitika, amayi a mpingo adzabwera kudzaimba. Sungeni anathokoza, koma ali panjira anazindikira kuti amulonjeza nyimbo za maliro. Mkuluyo anali atamulozeranso ofesi ina ku tauni. Kumeneko mnyamata wovala tayi anamupatsa timapepala ta Chingerezi, n'kumufotokozera kuti iwo ntchito yawo ndi misonkhano, za odwala apite kwa a zaumoyo. Kwa a zaumoyo anapeza chitseko chokhoma. Mwini ofesi anali ku maphunziro ku Salima mpaka sabata yamawa.

Mlonda wa pageti ndiye anamumvera chisoni. Anamufunsa kumene amakhala, ndipo atamva, anapukusa mutu. Anati thandizolo walisiya kwawo komweko, ku 25 kuli amayi ena amene amayendera odwala m'makomo. Sungeni anafunsa mayina awo. Mlondayo anati sadziwika. Anafunsa kumene amakumana. Mlondayo anati safunidwa, amakupeza okha.

Anabwerera kunyumba mapazi atatupa, mutu uli ng'ung'ung'u. Amayi opanda mayina, opanda ofesi, okupeza okha. Madzulo ake anayesa kufunsa pampopi potunga madzi. Amayi onse anayang'ana m'ndowa zawo ngati mwagwera singano.

Apa ndiyenera kukuuzani za munthu wina amene Sungeni anali atamuthamangitsa kale kawiri.

Anali mayi wamfupi, wonenepa, wa zaka za m'ma makumi asanu, woyenda ndi jumbo ya ulusi wakuda ndi chipeso chothyoka mano. Ankadzitchula kuti mayi Veronica. Ankaima pakhonde n'kufunsa ngati pakhomo pano pali mutu wofuna kuluka. Ulendo woyamba Sungeni anamukana mwaulemu. Ulendo wachiwiri anamukalipira. Anati mwamuna akuvutika m'nyumba, iye azikongoletsa mutu kuti anthu anene kuti wayamba kale kufuna wina? Mayiyo sanakwiye. Anangoti mitu ina imavomera pa ulendo wachitatu.

Lachitatu masana anabweradi. Sungeni anali atakhala pakhonde, alibe ngakhale mphamvu zokanira.

"Lero ndiluka ulele," anatero mayi Veronica. "Mutu wanuwu ukuchititsa manyazi laini yonse ino."

Anadzikokera mpando, n'kumukhazika Sungeni pamkeka pakati pa mawondo ake, poyera pomwe aliyense wodutsa ankawaona. Chipeso chinayamba ntchito. Mzere woyamba usanathe, mayiyo anawerama ngati akuyang'ana mfundu, n'kufunsa pansipansi kuti bambo akhala akutsokomola kwa miyezi ingati.

Sungeni anadzidzimuka n'kufuna kutembenuka. Dzanja lolimba linabweza mutu wake kutsogolo.

"Yang'anani kumsewu, mwana wanga. Ndipo muziseka pang'ono, anthu aziyesa ndi miseche."

Mafunso anapitirira. Amatuluka thukuta? Makhololo ali ndi magazi? Anayezetsapo makhololowo? Sungeni ankayankha akuyang'ana kumsewu, akuseka chiseko chabodza, misozi ikutsikira m'khosi.

Mayi Veronica anafotokoza kuti m'gulu lawo alimo amayi asanu ndi atatu, ndipo anaphunzitsidwa ndi namwino wina wopuma ntchito. Poyamba ankayenda ndi bokosi loyera la mankhwala. Koma khomo lililonse limene bokosilo lalowa, anansi ankasiya kubwereka mchere, ana ankaletsedwa kusewera pamenepo, ndipo mabanja anayamba kuwatsekera zitseko. Ndiye anasiya bokosi n'kugula ulusi. Woluka tsitsi amalowa paliponse, amakhala maola awiri, ndipo palibe amafunsa.

Kenako ananena mawu amene palibe anali atamuuzapo Sungeni. Anati sangalonjeze kuti Donald alibe kachilombo koyambitsa Edzi. Mwina ali nako, mwina alibe. Koma chifuwa chotere nthawi zambiri chimakhala chifuwa chachikulu, ndipo chifuwa chachikulu chili ndi mankhwala, kaya munthu ali ndi kachilombo kaya alibe. Anthu akungoona kuwonda n'kuthamangira kudepoti, pamene chikumupha munthuyo lero ndi chinthu chochizika.

Pansi pa ulusi m'jumbo muja munali timabotolo titatu. Kamodzi ka tsiku lomwelo, kena ka m'mawa Donald akangodzuka, kena ka tsiku lotsatira. Mayiyo anati adzatitenga yekha kupita nato kuchipatala.

Sungeni anafunsa kuti anamutuma ndani pakhomo pake. Mayi Veronica anati limenelo ndi funso lokhalo limene gulu lawo siliyankha.

Atamaliza, Sungeni anadziyang'ana pa kalilole. Mizere inali yokhota, ina yaikulu ina yaing'ono, wina wopita kukhutu popanda chifukwa. Mayi Veronica sankadziwa kuluka. Donald atamuona anakweza mutu pa pilo, n'kufunsa ndi timawu take totsalato ngati amake Chiku achita ngozi panjira. Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Kanali koyamba kuseka kuyambira Isitala.

Lachinayi m'mawa Sungeni anapita pampopi atamanga duku mothina, kubisa manyazi. Patsogolo pake pamzere panali mkazi wa alandilodi, mayi wosalankhulalankhula, amene mwamuna wake ankanenedwa kuti ali ku esiteti ku Kasungu. Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakankhira duku lake kumbuyo pang'ono, ngati wamva kutentha. Mizere yokhota yomweija. Anabwezeretsa duku, n'kusenza ndowa yake.

Sungeni anayang'ana amayi ena pamzerewo. Maduku anali ambiri kuposa mmene ankaganizira. Miyezi inayi yonse ankadziona ngati ali yekha m'dera lonse.

Koma zotsatira za makhololo zinali zoti zituluka Lachiwiri, ndipo basi inali ya Loweruka.

A Lucious anafika m'mawa ndi galimoto ya mnzawo yoti iwasiye kudepoti. Pakhonde anapeza amayi anayi akulukana tsitsi, mayi Veronica ali pakati. Anawalonjera modabwa n'kulowa. Chikwama cha Donald chinali pansi pa bedi, chosalongedza.

Sungeni anagwada pakhomo la chipinda monga mwa ulemu. Kwawo kwa Donald, mkazi wolowoledwa satsutsa mkulu wa mwamuna wake pa nkhani ngati iyi, ndipo iye ankadziwa. Anafotokoza za timabotolo tija akusakaniza masiku, akubwerera pamene wanena kale. A Lucious anamvetsera mpaka anamaliza. Anati zonsezi anazimvapo. Pa m'bale woyamba anadikira zotsatira, pa wachiwiri anadikira mapemphero, ndipo onse awiri anakafika kwa amayi awo ali m'bokosi. Sakufuna kuti mayi wokalamba uja alandirenso mwana wosatha kumuyankha.

"Akamwalirira kuno, mlamu, mudzawauza chiyani amayi?"

Sungeni sankadziwa ngati timabotolo tija tidzabweretsa chilichonse. Sankadziwa ngakhale dzina la bambo wake wa mayi amene anamukhulupirirayo. Anangoti, "Ndidzawauza kuti ndine ndinakana. Mlanduwo udzakhala wanga."

Donald anadzikoka mpaka kutsamira khoma. Anapuma kaye, kenako anati, "Akulu, basi imanyamuka Loweruka lililonse. Ndipatseni limodzi lokha."

Kunja amayi aja anali atasiya kuseka kwawo kwabodza. Potsiriza a Lucious anadzuka, nati adzabweranso Loweruka linalo, ndipo tsiku limenelo sadzamveranso za aliyense. Galimoto inabwerera yopanda wodwala.

Masiku atatu amenewo Sungeni sanadye bwino. Donald akatsokomola kwambiri, iye ankadzifunsa ngati walanda mayi wokalamba mwayi wotsanzikana ndi mwana wake.

Lachiwiri mayi Veronica anabwera ndi kapepala, nati makhololo apezeka ndi chifuwa chachikulu. Sungeni anagwa pansi n'kuyamba kulira, poganiza kuti ndi uthenga wa imfa. Mayiyo anachita kumugwedeza mapewa ndi kumukumbutsa kuti izi ndi zimene ankapempherera. Matenda apeza dzina, ndipo dzinalo lili ndi mankhwala.

Donald anagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri, jakisoni tsiku ndi tsiku. Sizinali zophweka. Sabata yachitatu anafooka kwambiri moti a Lucious anaima pakhonde la wodi osamuyang'ana Sungeni kumaso. Amayi a maduku aja ankasinthana, wina kusunga Chiku, wina kupititsa phala, wina kuchapa zofunda. Mwezi wachiwiri Donald anayamba kudandaula kuti ndiwo zachepa mchere, ndipo anamwino anati munthu akayamba kudandaula za mchere ndiye kuti wabwerera.

Sindikubisirani. Atatuluka, awiriwo anakayezetsa magazi, ndipo Donald anapezeka ndi kachilombo. Analira, anakhala masabata angapo osalankhulana bwino, kenako anaganiza zokhala ndi moyo umene ulipowo. Ntchito ya ku Kanengo inali itatha. Donald anayamba kukonza mawailesi pakhonde, ndipo ku kwaya anabwerera, ngakhale kuti besi yake imafuna kupuma pakati pa ndime.

Khirisimasi ya chaka chimenecho anakwera basi ya ku Rumphi, yekha, atanyamula shuga ndi chitenje cha amayi ake. Patatha sabata ziwiri anakwera ina yobwerera.

Pamene ndikulemba izi, chaka cha 1999 chikupita kumapeto ndipo Donald akadali moyo. Za mawa palibe akudziwa. Sungeni analowa m'gulu lija, ndipo mayi Veronica atayamba kuvutika miyendo, ndiye amene anasankhidwa kulitsogolera. Tsopano alimo amayi oposa makumi awiri, ndipo amafika mpaka ku Mgona. Odwala ena amene anawayendera anachira chifuwa. Ena anamwalira, koma anamwalira osambitsidwa, odyetsedwa, pali munthu wowagwira dzanja. Amene anatuma mayi Veronica pakhomo pake, Sungeni sanamudziwebe.

Inu amene mwayenda maofesi mpaka nsapato kutha, amene abale akukuuzani kuti palibenso chochita, musavomere msanga. Funsani kuti matendawo dzina lake ndi chiyani, ndipo mukapanda kuyankhidwa funsaninso. Wodwala wanu akamatsokomola milungu yambiri, kayezetseni makhololo musanaganize za kudepoti. Yang'anitsitsani anansi anu, chifukwa ena mwa iwo asenza katundu wofanana ndi wanu ndipo akungodikira kuti wina ayambe kulankhula. Munthu akadali kupuma, nkhani yake sinathe. Limbani mtima, pemphani sabata imodzi ina, ndipo muigwiritse ntchito.