Mkamwini Amene Anabzala Misuku

A Tarsisio anabadwira m'mudzi wina pafupi ndi Ulongwe, ndipo anabatizidwa ali mnyamata woweta ng'ombe. Kulemba sanaphunzire, koma kolona sinkachoka m'thumba mwawo. Atakula anakwatira a Rosária a kufupi ndi Fonte Boa, nakakhala chikamwini pamalo a akazi awo. Ana awiri amene Mulungu anawapatsa anawatenganso akadali akhanda.

Pamwambo wathu mkamwini amalima chimanga ndi nyemba, koma mtengo sabzala, pakuti tsiku lililonse akhoza kuuzidwa kuti apinde mphasa yake. A Tarsisio anabzala. Sanabzalenso mapichesi kapena bulugamu monga amachitira anthu anzeru, koma mitengo ya m'tchire: misuku, nthudza, mpoza, ndi katope m'mphepete mwa dimba. Nkhwangwa zinali zitameta phiri la kuseri kwa mudzi, moti ana ankayenda mtunda wautali kukatola masuku.

"Alamu," ankawaseka a Victorino, mlongo wa a Rosária, "Mulungu watopa kodi kuti mumulande ntchito? Msuku anabzalapo ndani?"

"Sindikumulanda ayi," ankayankha a Tarsisio. "Ndikungomugwirira ganyu."

Zaka zitatu zotsatizana mbande za misuku zinkachita chikasu n'kufa. Mu 1946 anazindikira chifukwa chake. Mbande zimene ankazisasa bwinobwino kumizu zinkafa zonse, koma imodzi imene anaizula mofulumira ndi chibuma chake inaphuka. Kuyambira pamenepo ankasenza dothi la pansi pa msuku waukulu m'dengu, n'kuthira m'dzenje lililonse. "Mwana sumuchotsa kwawo chimanjamanja," ankatero. Ankabzala ndi mvula yoyamba, n'kuphimbira udzu, n'kutchinga ndi minga poopa mbuzi. M'chilimwe ankatunga madzi limodzi ndi amayi, osasamala za owaseka.

Mu 1953 a Rosária anamwalira. Maliro atatha, abale a malemu anawasudzula a Tarsisio kuti abwerere kwawo, ndipo a Victorino ananena poyera kuti adula mitengo yonse abzalepo mbatata ya kachewere. A Tarsisio sanakangane nawo. Anakhala pansi, chipewa chili m'manja.

"Malo ndi anu, alamu. Ndikungopempha zaka ziwiri. Misuku ikapanda kubereka, nkhwangwa ndidzakunolerani ndine."

A Victorino anavomera, ndipo a Tarsisio anabwerera kwawo. Lamulungu lililonse Misa ikatha, nkhalambayo inkadutsira pamudzipo kukaona mitengo imene sinalinso yake. Tsiku lina m'kati mwa sabata inkabwera kudzapalira, ulendo wa maola awiri pansi, osapempha ngakhale madzi akumwa.

Zaka ziwiri zinatha. Nthudza ndi mpoza zinali zitayamba kubereka, koma pangano linali la misuku, ndipo misuku inalibe kanthu. A Tarsisio ananola nkhwangwa yawo, nakaipereka ndi manja awiri. A Victorino anayesa kukamwa kwake ndi chala, chala n'kutuluka magazi. Anayang'ana mitengo ija, nayang'ananso miyendo yotupa ya mlamu wawo.

"Ndi yobuntha iyi, alamu," anatero, akubisa chalacho m'khwapa. "Ndidule ndi chimenechi ine? Kanoleninso, mubwere nayo chaka chamawa."

Chaka chotsatira a Tarsisio anabwera nayodi, yakuthwa koposa, ndipo anauzidwanso kuti sadziwa kunola.

Mu Setembala 1957 anadwala chifuwa. Atalandira masakramenti, anafunsa ngati udzu wozungulira mitengo unali utalambulidwa kuopa moto wa lupsa. Atamva kuti a Victorino alambula okha, anati, "Basi," nagona tulo tosadzukanso.

Masuku oyamba a m'mitengo ija anapsa patapita miyezi iwiri. A Tarsisio sanalaweko. Lero amene amathamangitsa mbuzi pamalopo ndi a Victorino, ndipo ana akabwera ndi madengu amawaimitsa pampanda. "Musanatole," amatero, "yambani mwapempherera mwini wake."