Kachitseko ka padenga ka a Filipe

Alamu anga a Filipe ndi munthu wa luso, izo sindikana. Kwathu ku Tsangano njinga iliyonse yothyoka inkachirira pakhomo pawo. Koma makani awo ndi osasimbika, ndipo mpaka lero ndikawaona mtima umawira.

Nkhondo itatithamangitsa mu 1986, tinafika ku Tete ndi mitolo pamutu: ine, mng'ono wanga Rosa, ndi iwowo amuna ake. Ku Matundo tinapeza karavana, galimoto yokhala ndi chipinda chogonamo, imene Mpwitikizi wina anaisiya pothawa. Matayala inalibe, m'mazenera anthu anakhomamo malata. Chamoyo chinali kachitseko ka padenga kokha, kotsegula popukusa chogwirira chamkati.

Mvula yoyamba itadonthera pamphasa, a Filipe anakwera ndi chitini cha phula n'kumata kachitsekoko mbali zonse. Munthu wakumapiri amadziwa adani awiri basi, mvula ndi chisanu. A Isabel, mayi wachinyungwe woyandikana nafe amene ankawatchula kuti kumpadre, ndiye kuti bwenzi, anawaseka.

"Kumpadre, kuno si kwanu kolima mbatata! Kuno dzuwa limapha mbuzi ili chiimire."

Iwo anati ntchito yawo amaidziwa.

Rosa anachira mwana wamkazi chilimwe chili pachimake. Mwambo wathu mukuudziwa: mayi ndi khanda amakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, satuluka, ndipo mwamuna salowamo. Ine ndi amene ndinkamusamalira. Masana karavanayo inkasanduka uvuni. Chitseko cha pakhomo tinkachitsegula pang'ono, koma mphepo ikasowa potulukira silowa. Ndinagwira chogwirira chija, gwa! Phula linali litasungunuka n'kutsikira m'mahinjesi ndi m'mano a chopukusiracho.

"Alamu, tengani nyundo muphwanye!" ndinakuwa.

"Mlamu, musapupulume," anayankha ali padenga. "Chinthu ichi n'cha ku Lisboa, kwawo kwa Apwitikizi. Mukaswa, china mukachipeza kuti nkhondo ino? Mvula ikabwera mudzalira ndinu."

Ndiye anayamba ntchito yawo yaukatswiri ija. Ankapala phula ndi sipoko ya njinga, pang'onopang'ono ngati akutokosa m'mano. Ankadontheza parafini m'mahinjesi, n'kupukuta, n'kudonthezanso, kenako n'kufuula kuti ndipukuse. Ndinapukusa mpaka m'manja munatuluka matuza. Kachitseko kankasuntha mpata wongokwana chikhadabo, iwo n'kumasangalala pamwambapo kuti zikuyenda. Kukacha, zomwezo. Munthu akunyengerera chitsulo, mwana wake akupsa pansi pa mapazi ake!

Nditatopa ndinatenga munsi kuti ndibowole ndekha chamkati. Rosa anandigwira chitenje.

"Achemwali, musawachititse manyazi bambo ake. Ati lero zitheka."

Tsiku limenelo mwana anasiya kuyamwa. Liwombo linalowa, milomo inauma. Pamene azamba amene anachiritsa Rosa ankavomera kuti tithamangire naye kuchipatala kutsidya kwa mlatho, anali atazizira kale m'manja mwanga. Anapita asanalandire ndi dzina lomwe.

Anthu amati inali nthenda, ena amati nkhondo, poti Rosa sankadya mokwanira. Anene zimenezo. Ine ndinali mkatimo, ndipo thukuta la mwanayo ndinalipukuta ndi manja angawa.

Khanda lotere amakaliika kumanda ndi amayi okhaokha, amuna satsatira. Rosa tinamusiya kwa a Isabel, ife n'kupita. A Filipe anatsala okha pakhomo, ndipo poti chikuta chinali chitatha, panalibenso wowaletsa kulowa.

Pobwerako tinapeza kachitseko kali yasa, mphepo ikuwomba nsalu za mwana zimene zinali pachingwe mkatimo. Iwo anaima pakati, manja ali bii ndi girisi, maso ali psu. Anatseka, n'kutsegulanso, n'kutsekanso, osasiya.

"Mlamu," anatero, "taonani. Kakutseguka ndi zala ziwiri zokha."

Mpaka lero amakathira mafuta kachitsekoko, ndipo m'Matundo monse mulibe chitseko chofewa ngati chimenecho. M'karavanamo amagonamo okha. Rosa sanapondemonso.