Beseni la Kunsi kwa Bedi la Amayi

Beseni lija linali loyera, la mkombero wabuluu, lobenthuka mbali imodzi. Linkakhala kunsi kwa bedi la amayi, ndipo wolitsuka ndinali ine, poti mwana wamkazi m'nyumbamo ndinali ndekha. Ndinali ndi zaka khumi. Inali nyengo yomweta mpunga kwa Malengachanzi, chaka chimene magalimoto a zipani ankadutsa ndi zimkuzamawu, fumbi lili koboo, mwera nawo ukuwomba osapumira.

Amayi anali atadwala shuga zaka zambiri. Kuchipatala ankawapatsa mapiritsi oyera, limodzi m'mawa uliwonse. Koma nyengo imeneyo mapiritsiwo anangokhala ngati aleka ntchito. Ludzu lomwe lija, kutaya madzi pafupipafupi komwe kuja. Akadya masupuni atatu a mpunga ankakankha mbale, ati akhuta, mimba itatupa. Sankakhazikika: kukhala pamkeka, kudzuka, kuzungulira nyumba atagwira pamimba, kukhalanso.

Akatha kupemphera swala ya m'mawa ndiye ankasanza. Ine ndinkanyamula beseni kupita nalo kuseri kwa nthochi. Zimene ndinkaonamo sindidzaziiwala: mpunga wa dzulo masana, njere zathunthu ngati wangochoka mumphika, makungu a tomato, ndipo kawiri konse kachibenthu ka piritsi kosasungunuka. Fungo lake linali la thobwa losasa. Ndinkakumba kadzenje, kukhuthula, kukwirira, kupondaponda. Kwathu masanzi a munthu wamkulu sawakamba, ndipo sawasiya poyera kuopa anthu oipa mtima. “Mwana waulemu amaona ndi maso, pakamwa n'kutseka,” ankatero amayi. Ulemuwo ine ndinali nawo wambiri, wopitirira muyeso.

Tsiku lokatenga mankhwala ndinawaperekeza ku boma. Adokotala, mnyamata wotopa amene mzere wake unkafika panja, anayeza magazi n'kupukusa mutu. “Mayi, shuga wakwera. Mukumwa mankhwala? Mumasanza? Mukasanza mumatuluka chiyani?” Amayi anakonza mpango kumutu, nati ndi mseru chabe. Adokotala anayang'ana ine. Ndinafuna kunena, koma chitseko chinali chotsegula, pabenchi pali amuna, ndipo awo anali amayi anga. Ndinayang'ana zala za kumapazi.

Amalume, amene ankagulitsa usipa ku Dwangwa, anali ndi yankho ngakhale pa zimene sanafunsidwe. “Achemwali, mankhwala a masiku ano ndi ufa wa chinangwa. Dziko lasintha, aliyense akungoumba zake. Piritsi limodzi likakanika, onjezani lina.” Ananena chifukwa chowakonda, sindiwaimba mlandu. Amayi anayamba kumwa awiri, tsiku lina atatu, ndipo madzi omwera ndinkawapatsa ndine.

Lero ndikudziwa, poti shugayo wandipeza nanenso, ndipo namwino wina anachita kundijambulira papepala. Shuga akakhalitsa amaononga mitsempha yoyendetsa chifu. Chakudya chimangokhala m'chifumo osatsikira m'matumbo, pamene piritsi limalowa m'magazi likafika m'matumbomo. Mapiritsi a amayi sanali ufa ayi. Ankachedwa, n'kumaunjikana, kudikira tsiku loti atsike onse pamodzi. Beseni lija linkanena zonsezi m'mawa uliwonse, ine n'kumazikwirira. Ndikamaganiza zimenezi tulo sindiliona bwino, ngakhale imvi zandimera.

Tsiku limene mapiritsiwo anatsika linali Lachinayi, dzuwa lili paliwombo, tili kumunda. Amayi anaponya chikwakwa pansi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mphepo, manja akunjenjemera. Anayamba kuitana mayi awo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Kenako anagwera pamulu wa mpunga. Omweta anzathu anawanyamula mpaka kumsewu, ndipo tinadikira matola nthawi yaitali, magalimoto awiri a kampeni atatidutsa akuimba. Kuchipatala anati shuga anatsika mopitirira, ndipo tinachedwa.

Anatsitsimuka patatha masiku awiri, koma mutu sunabwerere mwakale. Anakhala nafe zaka zina zitatu akunditchula “mwana uyu”. Dzina langa, limene anandipatsa okha, sanalitchulenso.

Tsiku limene tinabwera nawo kunyumba, ndinatulutsa beseni lija, kulikwecha ndi mchenga mpaka linawala, n'kulibwezera kunsi kwa bedi. Ndinali wonyada kwambiri. M'mudzi monse munalibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa zimene zinkakhalamo.